Mwera, mamina obiriwira ndi usiku umene ndinawerenga mpweya wa mwana wanga

Mwera ukafika kuno ku Mangochi, ine ndimayamba kuumvera m'kalasi ndisanauone panyanja. Ndikangotembenukira ku bolodi, kumbuyo kwanga kumayambika: uyu akukoka mamina, uyo wayetsemula, winayo wakweza mkono kupempha kuti akamine panja. Mawindo onse atseka chifukwa cha fumbi ndi kuzizira. Pofika sabata yachiwiri nanenso mawu amakhala atasasa.

Amayi anga akhala akuwamba nsomba m'mbali mwa nyanja ya Malombe kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo pa nkhani ya chimfine mawu awo sasintha: "Ndi mphepoyi. Mwanayo osamutulutsa m'mamawa alibe chipewa, mwera umulowa m'mphuno." Ine ndimaphunzitsa Biology ku sekondale, ndiye kwa zaka zambiri ndinkawabweza kuti, "Ayi amayi, mphepo siyambitsa chimfine, chimayambitsa ndi kachilombo." Iwo sankalimbana nane. Ankangomukoka mdzukulu wawo n'kumuveka chipewacho.

Chandilembetsa lero ndi matenda amene anagwira mwana wanga wamwamuna wa zaka 3 mwezi wa Julayi. Anachira, pano ndikulemba akuthamangitsa nkhuku pabwalo. Koma masiku amenewo anandibwezera m'mabuku, ndipo ndaona kuti zambiri zimene timachita pakhomo mwana akadwala chimfine, kaya kugula makapisozi pagolosale, kaya kuchedwa kupita kuchipatala, zimachokera pa mmene timawaonera mamina. Tikadziwa zimene zikuchitika m'katimo timasankha mosiyana.

Ubweya umene timauona m'mphuno tikadziyang'ana pagalasi uli pakhomo pokha, ntchito yake n'kutchinga zinyalala zikuluzikulu. Kupitirira pamenepo, khoma lonse la m'kati layalidwa ndi maselo oima mothithikana ngati njerwa, onyowa nthawi zonse. Munthu wamkulu amapuma mpweya wokwana malita pafupifupi 10,000 pa tsiku. Amenewo ndi zigubu 500 za malita 20, ndipo mpweya wochuluka umadutsa pa khoma limeneli. Pofika kukhosi umakhala utafunda, utanyowa ndiponso utasefedwa.

Maselo ake si amtundu umodzi. Ena ndi opanga mamina, ndipo sadikira kuti tidwale ayi. Ngakhale munthu ali bwinobwino, mphuno ndi timphako ta m'mafupa ozungulira mphuno zimatulutsa mamina pafupifupi lita imodzi pa tsiku, ife n'kumameza osadziwa. Ena, omwe ndi ambiri, ali ndi tiubweya tating'onoting'ono pamutu, tosaoneka ndi maso, pafupifupi 200 pa selo limodzi. M'mabuku timatchedwa cilia. Timakupiza koposa ka 10 pa sekondi, usana ndi usiku, tonse kukankhira mbali imodzi, cha kukhosi. Ana a m'kalasi mwanga ndimawauza kuti akaime pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kuyang'ana namasupuni akuyandama pa Shire. Chilichonse chogwera pamadzi chimapita ndi madziwo. M'mphuno namonso muli mtsinje wotere, wa mamina, ndipo fumbi, utsi ndi tizilombo zimamatirira pamwamba n'kutengedwa. Koma mtsinje umenewu suyenda wokha, amaupalasa kuchokera pansi ndi tiubweya tija. Ukafika kukhosi timameza, asidi wa m'mimba n'kumaliza ntchito. Madokotala ali ndi njira yakale yoyezera liwiro lake: amaika kachidutswa ka mankhwala otsekemera otchedwa saccharin kutsogolo m'mphuno n'kudikira kuti munthuyo amve kutsekemera kukhosi. Mwa munthu wathanzi nthawi zambiri sipadutsa mphindi 20.

Pansi pa maselo onsewa pali ena aafupi, ongokhala phee, amene ntchito yawo imaoneka zinthu zikaonongeka. Ali ngati chitsa cha mtengo wodulidwa, chimene mvula ikagwa chimaphukira. Ndi amene amagawikana n'kusanduka maselo atsopano, ena aubweya, ena amamina.

Tsono vairasi. Kachilombo kameneka sikadya, sikapuma, ndipo pakokha sikangaberekane. Ndi kaphukusi ka malangizo kokutidwa m'chikhungwa, basi. Kamene kamayambitsa chimfine kawirikawiri ndi rhinovirus, ndipo n'kakang'ono moti mutatindandalika pamzere pangafunike toposa 30,000 kuti tikwane milimita imodzi. Mitundu yake ndi yoposa 160. N'chifukwa chake mwana wamng'ono amatha kudwala chimfine ka 6 mpaka ka 8 pa chaka popanda chodabwitsa, pamene wamkulu amadwala kawiri kapena katatu: thupi limaukumbukira mtundu umene linakumana nawo, koma ina yosadziwika imakhala ikadali yambiri. Amayi ambiri amadziimba mlandu kuti mwana wawo sachoka mamina pamlomo. Nthawi zambiri palibe chimene alakwitsa, thupi la mwanayo likuphunzira.

Kachilomboka kamafika m'mphuno ndi timadontho ta munthu woyetsemula, kapena ndi chala chathu chomwe. Ngakhale kutikita m'maso n'kokwanira, chifukwa kuchokera m'diso pali kanjira kotsikira m'mphuno, komwe kamachititsa kuti tikalira tizimina. Kakafika, kayenera kuboola mamina kasanakokoloke, kenako kupeza pogwira pa khungu la selo. Vairasi iliyonse ili ndi pogwira pake, ngati kiyi ndi loko. Mitundu yambiri ya rhinovirus imagwira pamalo otchedwa ICAM-1, ya Covid-19 imagwira pa ACE2. Kakalowa, selo limasiya ntchito yake n'kuyamba kupanga tizilombo tatsopano motsatira malangizo achilendowo. Pakangotha maola 8 mpaka 10 toyamba timakhala titatuluka kale kukalowa m'maselo oyandikana nawo.

Selo lolowedwalo silifa mwakachetechete. Limakuwa. Mfuu yake ndi mankhwala otchedwa interferon, amene anatulukiridwa ku London mu 1957 ndi Alick Isaacs ndi Jean Lindenmann. Zili ngati kumudzi wakuba akalowa m'nyumba imodzi usiku, mwini wake akakuwa, nyumba zonse zoyandikana zimadzuka n'kupiringidza zitseko. Maselo amene amva mfuuyo amadzikonzekeretsa moti vairasi ikalowa imavutika kuberekana. Mfuu ikamveka msanga, matenda amathera m'mphuno momwemo, mwina munthu osadziwa n'komwe kuti analowedwa. Ikachedwa, kachilombo kamapeza mpata wochulukana ndi kutsikira m'munsi. Ofufuza amene anayerekezera maselo a m'mphuno za ana ndi a okalamba pa nthawi ya Covid-19 anapeza kuti a ana amakuwa msanga, ndipo chimenechi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ana ambiri sankadwala kwambiri.

Pali chinthu chimene chinandidabwitsa nditachiwerenga koyamba, mpaka pano ndimachikonda. Ofufuza akatenga kachidutswa ka khoma la m'mphuno mwa munthu amene ali pakati pa chimfine cha rhinovirus n'kukaunika, amapeza khomalo lili pafupifupi lathunthu. Maselo olowedwa ndi ochepa, apa ndi apo. Nanga mavuto onse aja achokera kuti? Achokera kwa ife tomwe. Thupi likamva mfuu limatulutsa mankhwala otsegula mitsempha ya magazi kuti asilikali a thupi, maselo oyera a m'magazi, afike msanga. Madzi a m'magazi amadontha kudutsa pakati pa maselo, ndiwo mamina amadzimadzi a masiku awiri oyamba aja. Minyewa imanyerenyetsedwa, munthu n'kumayetsemula. Ndipo kutsekeka kwa mphuno, kumene ambiri timati ndi mamina adzaza, kwenikweni ndi kutupa: m'mbali mwa mphuno muli minofu yodzaza ndi mitsempha imene imafufuma ndi magazi. Ndiye chifukwa chake munthu amamina mpaka makutu kulira koma mphuno osatseguka. Kumina mwamphamvu choncho kumangokankhira mamina m'timphako ta m'mafupa tija. Ndi bwino kumina mbali imodzi, pang'onopang'ono.

Si mavairasi onse amene ali ofatsa chonchi. Wa influenza, chimfine chachikulu chija chogwetsa munthu pamphasa ndi kuphwanya m'thupi, amapha maselo aubweya enieniwo. Amayoyoka, khoma n'kutsala ndi zigamba zopanda kanthu, mtsinje uja n'kuima. Kachilombo kena kotchedwa RSV kamachita zofanana mwa makanda, ndipo maselo oyoyokawo amakatseka tinjira tating'ono ta m'mapapo. Zikatero, zitsa zija zimayamba kuphukira, koma kuti maselo atsopano amere ubweya n'kuyamba kupalasa bwino pamatenga masabata. Munthu amakhala kuti wachira, wabwerera kuntchito, koma chifuwa chikupitirira mpaka masabata atatu. Kachilombo kanapita kalekale, chatsala ndi kukonza.

Nkhani ya mphepo ija ndinaibwerera ndili ndi mtima wofuna kupeza umboni woti ndikawasonyeze amayi. Umboni wa mbali yanga unalipodi. Ku Salisbury, m'dziko la England, kunali malo ofufuzira chimfine otchedwa Common Cold Unit, kuyambira 1946 mpaka 1989, kumene anthu odzipereka ankapita kukadonthezeredwa mavairasi m'mphuno. Ena ankawasambitsa n'kuwaimika pamalo amphepo atavala zonyowa. Kuzizidwa kokha, popanda kachilombo, sikunadwalitse munthu chimfine. Mpaka apo ndinali wolondola.

Koma nkhani sinathere pamenepo. M'kati mwa thupi mumatentha madigiri 37, pamene m'mphuno mumakhala pakati pa 33 ndi 35 chifukwa cha mpweya wodutsamo, ndipo mitundu yambiri ya rhinovirus imaberekana bwino pa kuzizirira kumeneku. Mu 2015 gulu la Akiko Iwasaki ku yunivesite ya Yale linasonyeza chifukwa chake pogwiritsa ntchito maselo a mbewa: pa madigiri 33 mfuu ya interferon ija imakhala yofooka kusiyana ndi pa 37. Kenako mu 2022 ofufuza a ku Boston anafotokoza chitetezo china. Maselo a kutsogolo kwa mphuno akamva kuti kwabwera vairasi amatulutsa timatumba tambirimbiri m'mamina, tokhala ndi malo ogwira onga a selo lenileni, kuti kachilombo kanamizike n'kugwira kathumba m'malo mwa selo. Atatsitsa kutentha kwa minofu ya m'mphuno ndi madigiri 5, timatumbato tinachepa ndi pafupifupi 42 pa 100 alionse. Kuzizira kumene anayesera kunali koposa kwa kuno kunyanja, inde, koma msodzi amene wachezera pamadzi usiku wa Julayi, kapena mwana wa ku Namwera wopita kusukulu m'bandakucha, mphuno zake zimazizira ndithu. Onjezani fumbi, mpweya wouma umene umalimbitsa mamina, ndi mawindo otseka aja m'kalasi modzaza ana. Mphepo sibweretsa kachilombo, koma imatha kufooketsa olondera pakhomo. Ndinapita kukawauza amayi zimenezi, ndipo ndinawauza mosabisa kuti mbali ina ankanena zoona.

Ine mphuno ndinayamba kuilemekeza mu Januwale 2021. Matenda a Covid-19 anali atatsimikizika m'dziko muno pa 2 Epulo 2020, koma mwezi wa Januwale umenewo ndi umene unatiopsa tonse, pamene nduna ziwiri za boma zinamwalira tsiku limodzi. Ine sanandigwire mwamphamvu. Mutu, kutopa, kakutentha thupi pang'ono. Atandiyeza anandilowetsa kamtengo ka thonje kaja m'mphuno mpaka misozi, ndipo chimene kankatola ndi mamina ndi maselo omwewa ndikufotokozawa, chifukwa ndi mmene kachilomboko kamayambira kuberekana. Tsiku lachinayi ndinali kukazinga utaka. Mafuta akulira m'poto, utsi ukukwera, koma fungo zii. Ndinaweramira pafupi. Palibe. Ndinatenga sopo, ndinatenga palafini, ndinatsegula botolo la mafuta odzola. Zonse zinali ngati madzi. Chodabwitsa n'chakuti mphuno zinali zotseguka bwinobwino, mpweya ukudutsa.

Munthu amene sizinamuchitikire sangamvetse kusungulumwa kwake. Kuno kwathu kuli fungo pena paliponse: usipa pa thandala, matope a kudooko, mvula yoyamba pafumbi. Zonse zinazima. Chakudya chinasanduka ntchito, chifukwa lilime limangodziwa kutsekemera, mchere, kuwawasa, kuwawa ndi kukoma konga kwa msuzi wa nyama. China chonse chimene timati kukoma kwa ndiwo ndi fungo lokwera kumphuno kudzera kukhosi. Tsiku lina nyemba zinapserera ine ndili pakhonde pomwepo, anachita kundikuwira ndi anzanga a nyumba yoyandikana nayo. Usiku ndinkadzuka kukaona mbaula kawirikawiri poopa kuti moto ungabuke ine osamva.

Zimene zinachitika ndi izi. Kudenga kwa mphuno, m'mwamba kwenikweni, kuli kachigawo kakang'ono kumene kuli minyewa yonunkhizira. Minyewayo siima yokha, yazunguliridwa ndi maselo ena oisamalira, oichirikiza ndi kuikonzera malo ogwirira ntchito. Mu 2020 ofufuza a ku Harvard anapeza kuti loko uja wa ACE2 ali pa maselo osamalirawa, osati pa minyewa yeniyeniyo. Kachilombo kakaononga osamalira, malo onse amatupa, minyewa imataya tiubweya take tonunkhizira n'kukhala chete. Chimfine wamba chimachotsa fungo potseka njira. Apa njira inali yotseguka koma wolandira alendo kunalibe. Mwayi wake ngwakuti kumeneko nakonso kuli zitsa zophukira, ndipo minyewa yonunkhizira ili m'gulu la minyewa yochepa m'thupi imene imatha kumeranso. Anthu ambiri fungo linkabwerera pakatha masabata ochepa, ena miyezi. Ine linayamba kubwerera mokhota. Anyezi wokazinga ankanunkha ngati tayala lopsa, mpaka ndinasiya kumuthira mu ndiwo. Zimatero minyewa ikamalumikizikanso. Fungo loyamba limene ndinalimva molondola linali mu Malichi, nditapita kumudzi. Amayi anandipatsa chitenje chawo kuti ndifunde, ndipo ndinamva utsi wa nkhuni ndi nsomba, fungo limene ndakulira. Ndinakhala pansi n'kulira.

Tsopano za mwana wanga. Zinayamba Lolemba ndi kuyetsemula, madzulo thupi linatentha kwambiri, iye n'kungogona osafuna phala. Kuno mwana akatentha thupi sitiganiza kawiri, ndinapita naye kukayezetsa malungo. Sanamupeze nawo. Anandiuza kuti ndizimupatsa Panado, zakumwa zambiri, ndipo ndibwerenso ngati zitasintha. Pofika Lachinayi thupi linazizira, anayamba kusewera, koma mamina anasanduka olimba, achikasu, kenako obiriwira. Amayi anali atabwera kudzationa. Atangowaona anati, "Mwanangu, awa ndi mafinya. Tuma mwana akagule makapisozi, awiri okha, titsegule tisungunulire m'madzi."

Ndinakana. Mamina obiriwira si chizindikiro choti mwalowa mabakiteriya. Mtunduwo umachokera kwa asilikali athu omwe, maselo oyera a m'magazi otchedwa neutrophil, amene amakhamukira m'mphuno pa chimfine chilichonse. M'kati mwawo muli mankhwala ophera tizilombo okhala ndi ayironi, ndipo mankhwalawo ngobiriwira. Asilikaliwo akachuluka n'kufera m'mamina, mamina amatenga mtundu wawo, makamaka m'mawa atagona usiku wonse osayenda. Amoxicillin amapha mabakiteriya poononga khoma lawo lakunja. Vairasi ilibe khoma lotero, ndiye kapisozi alibe poluma. Chimene angachite ndi kutsegula mwana m'mimba ndi kuzoloweretsa mabakiteriya amene ali kale m'thupi kuti mawa asadzamve mankhwala. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ofufuza akhala akutsatira mabakiteriya opezeka m'magazi a odwala kuyambira 1998, ndipo aona ambiri akusiya kumva mankhwala amene kale ankagwira ntchito. Zimenezi sizichitikira kutali, zimayambira pa makapisozi awiriawiri athu omwewa.

Chimene ndinkachita ndi kuwiritsa madzi, kuwasiya azizire, kusungunulamo mchere wosapitirira theka la supuni yaing'ono pa kapu imodzi, n'kumamudonthezera pang'ono m'mphuno kuti mamina afewe. Madzi ake akhale owiritsa ndithu, osati ongotunga kunyanja. Ndinkamupatsanso uchi ndi mandimu m'madzi ofunda chifukwa cha chifuwa. Uchi ndi wa mwana woposa chaka chimodzi, khanda ayi. Zomufunditsa bulangete pa mphika wa masamba a bulugama ndinakana, ana ambiri apsa nazo. Mankhwala odonthezera otsegula mphuno aja a ku famase nawonso si a mwana wamng'ono, ndipo ngakhale wamkulu akawapitiriza masiku ambiri mphuno zimatupa koposa akangowasiya.

Loweruka usiku thupi linatenthanso. Apa mtima wanga unagunda, chifukwa ndinkadziwa tanthauzo la matenda amene amaoneka ngati apita kenako n'kubwerera. M'mphuno ndi kuseri kwake mwa ana ambiri athanzi mumakhala mabakiteriya otchedwa pneumococcus, osawadwalitsa. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre akhala akuwatsatira kwa zaka zambiri mwa ana a m'dziko muno. Mtsinje wa mamina ukamayenda ndipo khoma lili lathunthu, mabakiteriyawo amangokhala pamwamba, ena n'kumakokoloka. Koma vairasi ikayoyola tiubweya, n'kumasula zomangira za pakati pa maselo, amapeza pogwira ndi polowera. Ena amakwera kanjira kochoka kuseri kwa mphuno kupita m'khutu, kamene mwa ana n'kakafupi ndiponso kogona, ndiye mumaona mwana akutuluka mafinya m'khutu chimfine chitangotha. Ena amatsikira m'mapapo. Chimenecho ndiye chibayo. Katemera wa PCV13, amene anayamba kuperekedwa m'Malawi mu Novembala 2011 kwa ana a masabata 6, 10 ndi 14, amateteza ku mitundu 13 ya mabakiteriyawa. Mwana wanga analandira onse ku sikelo. Koma mitundu ilipo yambiri kuposa pamenepo.

Ndinayatsa tochi ya foni, ndinamuvundukula malaya ali mtulo, n'kuika wotchi pa mphindi imodzi. Kuwerenga mpweya wa mwana kumafuna kuti akhale phee, asakulira. Chifuwa chikakwera n'kutsika, ndi kamodzi. Malire amene a World Health Organization anaika, omwe alangizi a zaumoyo amagwiritsa ntchito m'midzi mwathu, ndi awa: khanda losakwana miyezi iwiri likafika pa 60 ndiye kuti likupuma mothamanga, kuyambira miyezi iwiri mpaka 11 malire ndi 50, kuyambira chaka chimodzi mpaka zaka 5 ndi 40. Ndinapeza 46. Ndinadikira pang'ono n'kubwereza. 47. Ndinayang'ananso pansi pa nthiti ngati pakulowa m'kati akamakoka mpweya, chifukwa chimenecho, pamodzi ndi kulephera kumwa, kukomoka kapena kufooka kosadzuka, n'chosadikira kuti kuche. Panalibe. Ndinakhala naye maso usiku wonse, ndipo kusanayere bambo ake anali atapeza kale njinga yamoto.

Kuchipatala anamuyezanso malungo, anawerenga mpweya, anamvetsera m'chifuwa, n'kunena kuti ndi chibayo. Anamupatsa amoxicillin wosungunula, pa mlingo woyenera msinkhu wake, ndipo tinamwetsa mpaka kumaliza. Patatha masiku awiri mpweya unatsika.

Titabwerera kunyumba amayi anayang'ana kapepala ka mankhwala n'kundifunsa modekha, "Nanga si omwewa ndinati tigule Lachinayi aja?" Funso limeneli linandilasa, ndipo usiku umenewo ndinadzifunsanso ndekha kangapo. Ndinawayankha kuti, "Amayi, dzina ndi lomwelo, koma matenda a Lachinayi ndi a Loweruka ndi awiri. Lachinayi munali vairasi, mankhwalawa akanangodutsa. Loweruka kunalowa wina m'mapapo, amene mankhwalawa amamupha. Ndipo makapisozi awiri si mlingo, akanangomuphunzitsa kupirira." Ndinawauzanso zimene ofufuza anapeza, kuti pofuna kupewa chibayo mwa munthu mmodzi pomwetsa mankhwalawa aliyense wa chimfine, mungafunike kumwetsa anthu masauzande amene sakuwafuna. Chimene chinamuthandiza mwanayu ndi choti tinaona msanga pamene zinthu zinasintha. Mtundu wa mamina sunatiuze kanthu, anatiuza ndi mpweya. Ngakhale lero nditabwerera ku Lachinayi lija, ndikanakanabe.

Amayi anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anatsokomola, chifuwa chawo chija cha m'mawa ndi madzulo chimene tonse tinachizolowera mpaka kusiya kuchimva. Ndi pamene ndinayamba nkhani imene ndakhala ndikuizengereza. Utsi umafooketsa tiubweya tija. Timachedwa kukupiza, tina timafupika, tina timathothoka, ndipo maselo opanga mamina amachuluka. Zotsatira zake ndi mamina ambiri koma opalasa ochepa, ndiye thupi limatsala ndi njira imodzi yowatulutsira, kutsokomola. Za fodya zimadziwika bwino, koma utsi wa nkhuni nawonso suchitira chifundo munthu amene waweramira pa uvuni kwa zaka zoposa 30. Ndipo mwana wanga amakonda kukhala pambali pa agogo ake pomwepo, kudikira kuti amunyemere kansomba kotentha.

Sindingawauze kuti asiye kuwamba. Fizi yanga yonse, kuyambira Fomu 1 mpaka ku koleji, inatuluka mu utsi umenewo. Chimene tagwirizana ndi achimwene anga n'choti tisonkhe ndalama timange uvuni wokhala ndi chumuni, panja pamalo opita mphepo, mvula isanayambe. Njerwa taumba kale. Mdzukulu wawo azikhala kutali ndi utsi, makamaka masabata ano pamene m'mphuno ndi m'chifuwa mwake mukumera zatsopano. Pa zimenezi sanatsutse.

Tsiku loti abwerera kumudzi, m'mamawa, ndinawapeza atakhala pamkeka pambali pa mwanayo ali mtulo. Anandikodola n'kunong'ona kuti, "Tandiphunzitsa kuwerenga kuja. Kumudzi kuli ana ambiri." Ndinawaikira wotchi pa foni yawo n'kuwasonyeza poyang'ana. Anaika chala m'mwamba pang'ono pa chifuwa chake osamukhudza, milomo ikuyenda. Foni italira anati, "28." Ndinawerenga nanenso, ndinapeza chimodzimodzi. Anamubweza malaya, n'kumukokera chipewa mpaka m'makutu, popeza kunja mwera unali utayamba kale.